Wazinga Ndani?

1. Kawindo

Chaka cha 1954 chinayamba ndi mvula yambiri koma nyama yochepa. Mu Lusaka anthu akuda anali atapangana kuti aleke kugula nyama m'mabuchala a m'tauni, ndipo chifukwa chake chinali kawindo.

Mzungu ankalowa pakhomo n'kuloza nyama imene mtima wake wafuna. Munthu wakuda ankaima panja, kumbali kwa nyumba, n'kupereka ndalama pakabowo ka m'khoma. Chimene chatuluka pakabowopo, chokulungidwa m'nyuzipepala, ndicho chako. Ukafika kunyumba n'kupeza mafupa ndi mitsempha yokhayokha, unkangodziwa kuti lero galu wa bwana wakuposa mwayi.

Choncho anthu anati basi, kawindo ayi.

Koma walira mvula walira matope. Patapita masabata angapo, m'Kabwata munali chibwabwa, masamba a maungu, masana, masamba a maungu madzulo, ndipo ana anayamba kuyang'ana nkhuku za eni ake ndi maso achilendo.

Nyumba za m'Kabwata zinali zozungulira, zofolera ndi udzu, zondandalikana m'mizere ngati nkhokwe. Amene anazimanga ankaganizira amuna obwera okha kudzagwira ntchito, anaiwala kuti mwamuna amakwatira. Pofika chaka chimenechi, m'kanyumba kamodzi munkagona bambo, mayi, ana, ndi mlendo wa kumudzi amene anabwera chaka chatha kudzacheza sabata imodzi.

Mzere umene unayang'anizana ndi mpopi wa madzi unkatchedwa Pampopi. Munali Abemba a ku Luapula ndi ku Kasama, opita kutchalitchi Lamulungu. Munalinso Ayao achisilamu ochokera ku Nyasalande, atelala ndi okhoma zidebe.

M'nyumba ya pakati pa mzerewo munkakhala Chilufya, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wa miyendo yaitali ndi pakamwa posachedwa. Chuma chake chonse chinali tambala wofiira amene anamulera kuyambira ali kamwanapiye. Anthu anamutcha Kapitao tambalayo, chifukwa mumzere monse munalibe wotchi, ndipo iye ndiye ankayambitsa atambala anzake kudzutsa amuna kuti apite kuntchito.

Tsiku lina pampopi, mayi wina wa mumzeremo, Ba Perpetua, anatula chidebe chawo n'kunena zimene ambiri ankangomeza.

"Ine nalema na chibwabwa. Mwana wanga ayonda. Pa Mande niyenda pa windo, olo munitukane."

Palibe anawatukana. Amayi angapo anangoyang'ana pansi, chifukwa nawonso maganizo anali omwewo.

Mawuwa anafika kwa amuna. Bambo a Chilufya, amene anthu ankawatchula Bashi Kunda potengera dzina la mwana wawo woyamba, anati, "Umozi akayenda pa windo, bonse bazayenda." Ndiye mzere wonse unasonkha. Loweruka Bashi Kunda anapita kumidzi ya kuseri kwa Lilayi n'kubwerako ndi mbuzi yonenepa, kuti Lamulungu anthu adyere pamodzi, mitima ilimbe.

Mbuziyo inalowa m'Kabwata itafunditsidwa masaka panjinga. Lamulo la lokeshoni linkatsinzinira nkhuku, koma mbuzi ayi, ndipo wopezeka atasunga kapena kupha mbuzi ankatha kulandidwa nyumba. Anaimangirira kuseri kwa nyumba ya Bashi Kunda, pafupi ndi mpanda wa udzu wa kubafa.

Pampopi panali mwambo umene mwana aliyense ankaudziwa asanadziwe kuwerenga. Chiweto chodyera pamodzi, kaya ndi cha ukwati kaya cha maliro, wozinga wake anali Che Salumu, telala wokalamba, mkulu wa Asilamu a mumzeremo. Msilamu sadya nyama imene sinazingidwe monga mwa chipembedzo chake, pamene Mkhristu alibe nazo kanthu. Motero mpeni unali umodzi, mphika unalinso umodzi.

2. Chingwe

Lamulungu kunacha ndi mitambo yakuda. Bashi Kunda analawirira ku Chilenje kukabwereka mgolo wophikiramo. Mkazi wawo, Bana Kunda, anapita kumsika kukafuna anyezi. Che Salumu anali asanabwere ku Kamwala kumene anakapemphera.

Chilufya ankasesa pabwalo pamene bingu linagunda pafupi kwambiri. Mbuzi ija inadzidzimuka n'kulumpha mpanda wa kubafa. Chingwe chinali chachifupi, choncho inakalendewera mbali inayo, miyendo isakufika pansi.

Kunda, mchimwene wake wa Chilufya, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anatuluka akuthamanga ndi mpeni wa kukhitchini n'kudula chingwe. Mbuzi inagwa, koma sinadzuke. Khosi linali litapindika, lilime panja, miyendo ikunjenjemera.

"Ifa iyi," anatero Kunda. "Ikafa yeka palibe azadya, olo ise."

"Yembekezani ba Salumu," anatero Chilufya.

"Mbuzi siizayembekeza."

Kunda anagwada n'kuidula pakhosi. Sanachite mwachipongwe, anachita mwachangu, monga mmene akanachitira aliyense woona nyama ya mzere wonse ikutayika. Magazi atasiya kutuluka m'pamene anakumbukira mpeni wa Che Salumu, ndipo nkhope yake inagwa. Tsoka silinunkha.

Bana Kunda atafika anayang'ana mbuzi, anayang'ana mpeni, n'kukhala pansi pamtondo, anyezi ali m'manja. Kenako anauza Kunda kuti ayambe kusenda msangamsanga, n'kuitana ana onse awiri pafupi.

"Mvelani bana imwe. Mbuzi iyi si yatu, ni ya mzele onse. Bantu basonka vamene sibanali navo. Batate banu bayenda mpaka ku Lilayi. Manje mufuna nikaimilile pa mpopi nikambe kuti mwana wanga aononga? Bazatiseka mpaka tikafe. Mailo ba Perpetua bazayenda pa windo, benangu bazakonka, bonse bazakamba ati ni mulandu wa nyumba ino. Iyayi. Tizakamba so: mbuzi inali kufa, kwapita Musilamu wina wogulisa nsomba, tamupempa, azinga, ayenda. Nyama ni nyama. Mulungu aziba kuti sitinafune."

Kunda anapitiriza ntchito yake. Ankasenda, mutu uli pansi.

"Iwe Chilufya, yenda ukaitane bazimai babwele tiyambe kupika. Yambila kwa ba Salumu. Bakakufunsa, uziba vokamba."

Chilufya anachita mantha. Pakamwa pake panali posachedwa kwa anzake ndi kwa aphunzitsi, koma mawu a mayi ake anali asanawakanepo. Anatsamiritsa tsache kukhoma n'kunyamuka.

3. Funso

Nyumba ya Che Salumu inali kumapeto kwa mzere. Pakhomo panali Mwanaima, mdzukulu wawo, mnzake wa pamtima wa Chilufya, akupeta mpunga m'lichero. Unali mpunga wonunkhira wochokera kwawo ku Nyasalande, umene agogo ake aakazi ankausungira tsiku la Idi.

"Agogo akuti lero ndi lalikulu, tiutulutse," anatero Mwanaima. "Ine ndalota chiwindi, Chilufya. Ukandisungire kachidutswa amuna asanamalize."

Chilufya anayesa kuseka, koma sizinatheke.

Che Salumu anali atangofika kumene. Anakhala pampando wawo wosokera, kofiya yoyera ili kumutu, akunola mpeni pamwala. Nthawi zonse ankanolera kunyumba kwawo, chifukwa ankati n'kulakwa kuti chiweto chione mpeni ukunoledwa.

Chilufya anagwada. "Mwauka bwanji, bashikulu?" Ana onse a Chibemba ankawatcha choncho, kutanthauza agogo.

"Ndauka, mdzukulu wa Kabamba. Mbuzi yagona bwanji? Ukawauze aimwetse madzi, ndikubwera."

"Bamayo bakuti bazimai babwele. Mbuzi basenda kudala."

Mpeni unaima pamwala.

"Asenda?" Mkuluyo anamuyang'ana modekha. "Wazinga ndani?"

Funsoli silinali msampha. Ndi funso limene Msilamu amafunsa akapatsidwa nyama pakhomo pa mnzake, monga mmene mlendo amafunsira njira. Yankho limene wapatsidwa ndi limene amatenga. Zaka zonse zimene Che Salumu anakhala Pampopi, sanapiteko kukatsimikiza yankho la munthu.

"Kunapita munthu wina," anayamba Chilufya. "Wogulisa..."

Lichero la Mwanaima linali likulirabe, mpunga ukukwera n'kutsika. Chilufya analiyang'ana.

"Iyayi, bashikulu. Sikunapite munthu. Ni ba Kunda. Mbuzi inazimangilila na ntambo, inali kufa, ba Kunda baidula."

Atanena zimenezi anayamba kulira. Lichero linasiya kulira, ndipo Mwanaima analiika pansi pang'onopang'ono.

4. Mpeni wa Kabamba

"Pukuta misozi," anatero Che Salumu. "Munthu wogulitsa uja sindikufunsa anamutuma ndani. Wabwerera panjira, zatha. Khala apa, uone mpeni uwu. Ukudziwa unali wa yani?"

Chilufya anapukusa mutu. Unali mpeni wakale, chigwiriro chake chamtengo chitada ndi manja, ndipo chitsulo chake chinali chitaonda ndi kunola.

"Pamene boma linkasamuka ku Livingstone kubwera kuno, Lusaka anali fumbi ndi miyala. Ine ndinachoka kwa Mponda wapansi, ndinafika kuno zidendene zitang'ambika. Anandiika m'nyumba imene mukukhala inuyo, pamodzi ndi Mbemba wina wamtali. Iye Chinyanja sankamva, ine Chibemba sindinkamva. Ameneyo ndiye Kabamba, bambo wa mayi ako.

"Tinkaswa miyala yomangira maofesi a kumtunda uko. Loweruka ankatigawira phoso: ufa, mchere ndi nyama. Nyama ija ine sindinkadziwa wazinga, ndiye ndinkangodyera mchere. Miyezi inapita. Ndinaonda mpaka nyundo inayamba kundilemera.

"Kabamba anaona. Tsiku lina anabwera ndi nkhuku yamoyo. Kumene anaitenga sindidziwa, ndipo sindinafunse. Anatulutsa mpeni wake uwu n'kundipatsa. Analoza khosi la nkhuku, analoza ine, analoza mphika. Amenewo ndiwo mawu oyamba amene tinamvana. Anzathu a mumzere anaona, nawonso anayamba kutero. Akazi atabwera, ana atabadwa, mwambo unakhala womwewo. Kabamba atamwalira, manda ake tinakumba ndife Asilamu, Akhristu akuimba nyimbo zawo.

"Tsono tchera khutu, mwanangu. Chimene chimagwira mzere uno si mpeni. Mipeni ili mbwee kumsika. Chimene chimatigwira ndi yankho. Ine ndikafunsa kuti wazinga ndani, sindipita kukanunkhiza nyama, ndimangokhulupirira pakamwa pa mnzanga. Ukanandinamiza lero ndikanadya, ndikananyambita zala, ndipo pamaso pa Mulungu ine ndikanakhala wopanda tchimo. Koma Kabwata ndi wochepa, ndipo makoma ake ndi opyapyala. Mawa kapena chaka chamawa ndikanamva ndithu. Kuyambira tsiku limenelo Mwanaima sakanalawanso kanthu m'mbale yako, ngakhale chimanga chokazinga. Tikanaboola mawindo athuathu mumzere womwe uno, uyu kupatsira uyu pakabowo, ife amene tikukana windo la azungu.

"Usadzaiwale. Munthu amene amakukhulupirira osafufuza ndiye wosavuta kumunamiza. Koma ukamutaya ameneyo, sudzamupezanso."

Anakulunga mpeni m'kansalu n'kuimirira, mawondo akulira.

"Tiye. Mawu wawanena kwa ine, tsopano akafike kwa eni mbuzi."

5. Kapitao

Nkhani m'Kabwata sinkafuna njinga. Pamene Che Salumu ndi Chilufya ankafika pampopi, mzere wonse unali utasonkhana kale. Bashi Kunda anali atangofika, akugubuduza mgolo. Kunda anaima kumbuyo kwa bambo ake, manja ali magazi okhaokha. Bana Kunda anamuyang'ana Chilufya kamodzi kokha, ndipo mtsikanayo anadziwa kuti kunyumba kuli mlandu.

Che Salumu anafotokoza zimene zinachitika, osawonjezera, osatchulanso za wogulitsa nsomba.

"Mnyamata uyu sanalakwe," anatero. "Anapulumutsa nyama imene ikanatayika. Kwa inu ndi yabwino, idyani ndi mtima woyera. Ife tiphika mpunga ndi nyemba pambali, tikhala nanu limodzi."

Anali mawu abwino, koma palibe amene anakondwa nawo. Pampopi panali pasanayakepo moto wa miphika iwiri. Amayi achisilamu anayamba kutola malichero awo mwakachetechete, ana awo akuyang'ana kumene kunali mbuzi.

"Ndiye vamene ninakamba ine," anatero Ba Perpetua. "Vopangana pamozi siviyenda. Aliyense azionele yeka. Mailo ine na windo."

Amayi awiri atatu anavomereza ndi mutu. Phwando linali likufa anthu akuona.

Chilufya anachoka pagulupo osatsanzika. Ena anaganiza kuti wathawa ndodo. Kuseri kwa nyumba kunamveka phokoso la mapiko, ndipo mtsikanayo anatulukira atakumbatira Kapitao. Anadutsa pakati pa anthu, anagwada m'matope pamaso pa Che Salumu, n'kukweza tambalayo ndi manja awiri.

"Bashikulu, zingani uyu. Ni umozi chabe, koma supu izakwana bonse. Mupika unkale umozi."

Tambalayo ankamukonda kwambiri.

Wina anaseka. "Tambala umozi, mzele onse? Tizadya nthenga?"

Asanamalize kuseka, Mwanaima anali atathamanga kale. Anabwera ndi tambala wa mawangamawanga wa agogo ake aakazi, agogowo akumutsatira pambuyo, akukalipa kuti bwanji wasiya thadzi lonenepa lija.

Kenako Bana Kunda anasuntha. Analowa m'nyumba mwawo, anthu onse akuwayang'ana, n'kutuluka ndi nkhuku ziwiri zoikira mazira, imodzi kukhwapa uku, ina uku. Anagwada pafupi ndi mwana wawo.

"Ba Salumu," anatero motsitsa mawu, "batate banga banakupasani mpeni. Ine lelo ninafuna kukupasani boza. Mwana anikanila. Zingani izi."

"Dzuka, mwana wa mnzanga," anatero Che Salumu. "Bodza limene silinafike silikhala ndi mlandu."

Zimene zinatsatira, akuluakulu a Pampopi ankazisimba mpaka atakalamba. Mzere wonse unabalalika kukagwira nkhuku. Amuna ovala mabuluku a kutchalitchi ankadzigwetsa m'matope. Wokhoma zidebe wina anakwera padenga kutsatira tambala wake, udzu n'kumuboowokera, mwendo n'kutulukira m'nyumba. Nkhuku zinkalira, ana ankakuwa, agalu a mizere ina anabwera kudzathandiza osaitanidwa.

Ba Perpetua anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Potsiriza anapita kwawo n'kubwera atagwira miyendo tambala wakuda, wolusa, amene ana onse ankamuopa.

"Uyu anijompa kudala," anatero. "Ayende chabe."

6. Mgolo Umodzi

Panatsala nkhani ya mbuzi. Bashi Kunda anati nyama imene ena a Pampopi sangadye isalowe mumgolo wa Pampopi. Mizere ya kumunsi kunalibe Asilamu, ndipo nakonso anthu anali atayamba kunong'onezana za kawindo. Anagwirizana kuti mbuzi ipite kumeneko, khomo lililonse lilandire kachidutswa ndi uthenga woti limbani mtima.

"Azapeleka ni Kunda," anatero bambo ake.

"Ayambe wandithandiza," anatero Che Salumu. "Kunda, dzanja lako ndi lachangu, taliona. Samba, ubwere undigwirire miyendo ndi mapiko."

Kunda anakweza mutu koyamba tsiku limenelo.

Anapita kuseri kwa mpanda, kumene nkhuku zinazo sizikanaona. Iliyonse ankayamba waimwetsa madzi. Che Salumu ankayang'ana kumpoto chakum'mawa, kumene amayang'ana popemphera, n'kutchula dzina la Mulungu, mpeni wa Kabamba n'kudutsa kamodzi. Woyamba anali Kapitao. Chilufya anaima kutali, atatseka makutu, Mwanaima atamugwira paphewa.

Dzuwa likupendeka mitambo inang'ambika. Mgolo unali ukubwata pakati pa mzere, Bana Kunda akuvundula mbali iyi, agogo a Mwanaima mbali inayo, akukangana za mchere ngati pachibale. Mpunga wa Idi unaphikidwa wonse. Fungo linafika mpaka kumsika, ndipo anthu a kumunsi, amene anali atalandira mbuzi yawo, anabwera ndi ng'oma kudzathokoza.

Anakhala pansi monga mwa masiku onse, amuna mbali yawo, amayi mbali yawo, koma Msilamu ndi Mkhristu akupisa m'mbale imodzi. Mwanaima anapeza chiwindi chimene analota, ngakhale chinali chaching'ono kuposa cha m'maloto.

Nthutumba ya nkhuku ndi ya mwini nyumba kapena mlendo wolemekezeka, mwana saiyandikira. Koma Che Salumu anatenga nthutumba ya Kapitao, imene anaiikitsa padera, n'kuitana Chilufya pamaso pa anthu onse.

"Lero mwini mzere ndi uyu," anatero. "Ife akuluakulu tinali titagawa kale mphika. Idya, mdzukulu wa Kabamba."

Amayi analuluta. Chilufya analandira ndi manja awiri, misozi ikutsika, akusekanso nthawi yomweyo. Inali yolimba nthutumbayo, ngati mwini wake.

Ba Perpetua anapukuta pakamwa pa mwana wawo, amene anali atagona ndi fupa m'manja, n'kuimirira.

"Mvelani bonse. Vija ninakamba va Mande, nameza. Mukaniona pa windo munimange na ntambo ya mbuzi."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amayi aja amene anavomereza ndi mutu m'mawa ndiwo anayambitsa nyimbo. Pobwerera kunyumba, Bana Kunda sananene kanthu za mlandu. Anangovula chitenje chawo chapamwamba n'kumufunditsa Chilufya, ngakhale kunja sikunkazizira.

7. Kopanda Tambala

Lolemba kunacha, koma Pampopi palibe amene anadziwa.

Mumzere monse munalibe tambala ngakhale mmodzi, onse anali atalowa mumgolo. Anthu okhuta amagona tulo tolemera, ndipo chimene chinawadzutsa ndi dzuwa lolowera m'ming'alu ya zitseko. Amuna anatuluka akuthamanga, malaya m'manja, nsapato zosamanga, kulowera kutauni ndi ku Longacres. Amayi a mizere ina, amene anali atatunga kale madzi kawiri, anaima pampopi akuwaombera m'manja.

"Onani ba Kopanda Tambala bauka!"

Dzinalo linakakamira pomwepo, ndipo eni ake sanalikane. Ankalitchula monyadira, chifukwa tsiku limenelo palibe munthu wa mumzeremo, ngakhale wa mizere ya kumunsi, amene anakaima pakawindo.

Chilufya nayenso anachedwa. Anavala yunifolomu mothamanga, anatenga mabuku, n'kutsegula chitseko.

Pakhomo panaima msilikali wa lokeshoni, wovala zakuda, chibonga chili m'chiuno. M'manja mwake munali chikopa cha mbuzi, chimene Kunda anachikhomera kuseri kwa bafa kuti chiume.

"Ndiwe Chilufya?" anafunsa msilikaliyo. Sanakalipe, analankhula mwaulemu ndithu. "Kabwata yonse ikamba za iwe. Bakuti pali mwana pano wamene sanama, olo bamai bake bamutume."

Chilufya anakumbatira mabuku ake. Kumbuyo kwake Kunda anaima ndi nsapato imodzi m'manja. Bana Kunda anali atagwira khoma la nyumba imene bambo awo anawasiyira.

"Lamulo uliziba," anatero msilikali, akutambasula chikopa chija. "Ine nifunsa iwe chabe, osati benangu. Mbuzi iyi anapaya nindani?"

Kumapeto kwa mzere makina osokera a Che Salumu anasiya kulira. Ba Perpetua anatula chidebe chawo pampopi. Kenako zitseko za Kopanda Tambala zinayamba kutseguka, chimodzichimodzi, anthu akutuluka kudzaima pamodzi ndi Chilufya.